Intaneti ya Osauka Okha

M'chaka cha 1998, bungwe lina la ku Lusaka linalengeza kuti lizilipirira mabanja osauka a ku Chongwe intaneti ya pakhomo. Amai Magdalena, amene anaphikira ansembe a pamishoni zaka makumi awiri, analandira kalaliki wa bungwelo, a Lawson, munthu wokhulupirira fomu kuposa maso ake.

"Mwana wanga Tryness ali na pakati ku Botswana," anayamba amai. "Kalata itenga miyezi iwiri. Nifuna nikamve kuti wachira mwana asanamere mano."

A Lawson ananyambita pensulo. "Muli na malaiti?"

"Tinakoka ku mishoni."

"Foni?"

"Tryness anaika. Koma kutuma foni ku Botswana siningakwanitse, ni kodula."

"Kompyuta?"

"Ba Faza a pamishoni ananisiyira yakale pobwerera kwao. Niikapo maluwa."

A Lawson anachonga katatu n'kupukusa mutu. "Pepani amai, ndimwe olemera."

"Zikomo poniuza. Nkhuku zanga zitatu zizakondwera."

"Nkhuku sizili pa fomu. Wosauka ni uja alibe malaiti, alibe foni."

"Nanga intaneti yanu iyenda na chani?"

"Na malaiti na foni."

"Manje uja alibe azaitengera mu chani? Mu dengu?"

A Lawson anatembenuza pepala, kufunafuna. "Dengu sanalembe."

Amai analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chikwanje. "Nikadula nthambo izi, nizakhala wosauka?"

"Maningi. Muzapasa mayeso a fomu."

"Na intaneti muzanipasa?"

"Iyayi. Muzakhala mulibe foni."

"Inu ba Lawson, mwathandiza angati?"

"Ku Bundabunda na ku Kanakantapa onse apasa," anayankha monyadira.

"Amene aiona intaneti?"

"Palibe. Koma mafomu ni olembedwa bwino."

Amai anaika chikwanje pansi. Mtima unawawawa kwambiri, poti zinaoneka kuti mdzukuluyo adzamumvera m'kalata basi. A Lawson anayang'ana kumsewu. Minibasi yomaliza inali itadutsa iwo ali kalikiliki kufunafuna dengu pafomu.

"Amai, nipempheko foni, niuze a ku ofesi anitumire motoka."

Amai anawalanda pensulo ija mwaulemu. "Kwanu muli nayo foni?"

"Nilibe."

"Ndiye ndimwe osauka. Mwapasa, mwana wanga."

A Lawson anamwetulira n'kuimirira. "Ningatume manje?"

"Iyayi," anatero amai, akukoka chitseko. "Kutuma kufuna foni, ndipo imwe mulibe. Lusaka ni uko."