Makutu a Vanessa Akudikira Chilolezo

Vanessa, mtsikana wa ku yunivesite, anali atakwera chulu kuseri kwa chigafa choyanikamo fodya pa esiteti ina ku Dowa, foni m'mwamba, akusaka netiweki. Digiri yake yonse inkadalira kafukufuku wa matenda a matenanti a fodya, koma komiti ya ku yunivesite yopereka chilolezo chofunsira anthu mafunso inali isanamuyankhe, pomwe lole yobweza matenantiwo kwawo inkanyamuka masana omwewo poti fodya anali atatha.

"Ndinu mukufuna kumva za matenda athu?" anafunsa a Bernado, tenanti wa ku Phalombe, akutula thumba la katundu m'munsi mwa chulu. "Ndabwera nawo. Yambani kulemba."

"Zikomo bambo, koma chonde musanene kanthu."

"Iii! Mwachokera ku Lilongwe konse kudzandiuza kuti ndikhale chete? Zimenezo kapitawo amatiuza kale. Mukanangokhala kwanu."

"Chilolezo sichinabwere. Komiti ikukumana lero."

"Chilolezo cha chiyani? Pakamwa ndi panga. Ndalola."

"Kulola kwanu kumabwera pambuyo. Ayambe alola iwowo kuti ndikufunseni ngati mukulola."

A Bernado anakanda m'mutu. "A komitiwo akundidziwa?"

"Ayi. Ndipo sayenera kukudziwani."

"Nanga akukambirana chiyani?"

"Chitetezo chanu."

"Ambuye adalitse! Ndiye awuzeni za manja awa." Anawatambasula. Anali osupuka, zikhadabo zakuda bii. "Mankhwala opopera aja..."

Vanessa anatsinzina mwamphamvu. "Bwezani manja, bambo! Kuona nakonso ndi kafukufuku."

"Mayi, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ine ndili pano lero. Mawa mukandisaka kuti ku Phalombe, poti ngakhale dzina langa simukulifuna?"

"Ndikudziwa!" anatero Vanessa. "Koma ndikamva chinthu chilolezo chisanabwere, sindingachilembe. Chimakhala chawonongeka."

"Chimaola?"

"Sichiola, koma sichiwerengedwa."

"Chifuwa changa chosawerengedwa. Chabwino. Sindikuuzani inu." Anatembenukira mbuzi yomwe inkadya mapesi pambali pa chigafa. "Iwe mbuzi, tamvera. Tikathyola fodya wa mame m'mawa, mutu umazungulira, kenako kusanza..."

"Bambo, ndikumva!"

"Ndikucheza ndi mbuzi. Nayonso ifuna chilolezo?"

"Za ziweto zili ndi komiti yake!"

Apa Vanessa anapanira foni m'khwapa, nalowetsa zala m'makutu, n'kuyamba kuyimba nyimbo ya kwaya mokweza. Makolo ake akanamuona akanalira: mwana amene anamugulitsira nkhumba kuti akaphunzire, ali pa chulu, maso otseka, makutu otseka, kuthawa nzeru zomwe anadzera. A Bernado nawonso si munthu wogonja msanga. Anakwera chulu n'kumakuwa pamwamba pa nyimboyo.

"Mkazi wanga Eliza amatsokomola usiku wonse!"

"Sindinamve dzina limenelo!"

"Eliza!"

"Bambo, mundilepheretsa sukulu!" Vanessa anachotsa chala chimodzi m'khutu. "Pempho langa a komiti analibweza kale kamodzi. Anati sindinafotokoze chomwe ndingachite funso langa likakukhumudwitsani."

"Ndiye munawayankha chiyani?"

"Kuti ndidzaima kaye, ndikupatseni madzi akumwa, ndi nambala ya foni ya wopereka uphungu."

A Bernado anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. "Ndapopera mankhwala manja osavala kanthu, komiti ili phee. Ndagona m'chigafa mvula ikudontha, komiti ili phee. Ndiye lindiphe ndi funso la mwana wa sukulu?"

"Zimenezo musanene tsopano. Ndi zabwino kwambiri. Zisungeni!"

"Ndizisungire kuti? M'thumbamo mwadzaza mapoto."

Kumsewu lole inaliza hutala. Azimayi anayamba kuponyamo mitolo, ana akukwera ngati anyani. Nthawi yomweyo foni inanjenjemera m'khwapa. Vanessa anatsegula diso limodzi, anawerenga, n'kulumpha mpaka kutsala pang'ono kugubuduka pa chulu.

"Alola! Bambo, alola!"

"Eya. Lembani: mutu, chifuwa, manja..."

"Dikirani! Ndiyambe ndakuwerengerani chikalata cha chilolezo chanu."

"Mayi, lole!"

"Ndifulumira." Anasolola pepala m'chikwama n'kuyamba kuthamangitsa mawu. "Dzina lanu silidzatchulidwa. Simulandira mphatso iliyonse..."

"Zimenezo tinazolowera. Pitirizani."

"...Kutenga nawo mbali n'kosakakamiza. Muli ndi ufulu wokana, ndipo mukakana palibe chimene chidzakuchitikireni. Sainani apa."

A Bernado sanalandire cholembera. "Tabwerezani pamenepo."

"Pati? Posaina?"

"Pa kukana."

"Muli ndi ufulu wokana."

"Ine?"

"Inuyo."

"Ndikakana simukandinenera kwa bwana?"

"Ayi."

"Chaka chamawa sandikaniza munda? Phoso sadula?"

"Palibe chilichonse, bambo. Komiti inaonetsetsa zimenezo. Ndi mzere umene anandivutitsa nawo kwambiri."

A Bernado anavula chipewa, n'kuyang'ana pepalalo mwaulemu ngati mmene amayang'anira Baibulo pa guwa. Hutala inaliranso, ndipo mayi wina pa lole anakuwa dzina lawo.

"Chibwerereni pa esiteti ino," anatero pang'onopang'ono, "palibe anandipatsapo chinthu chimenechi. Bwana sanandipatseko, kapitawo sanandipatseko. A komiti anuwo ndi anthu abwino. Mukawapatse moni."

"Ndikawapatsa! Ndiye tiyambe? Funso loyamba ndi la manja aja."

A Bernado anabisa manja kumbuyo, kenako anatsika chulu n'kusenza thumba lawo.

"Bambo? Bambo, mwandikuwira m'makutu m'mawa wonse!"

"Nthawi imeneyo sindimadziwa, mayi," anatero akuvala chipewa, nkhope ili ngwee. "Ndakana. Ndifuna ndimveko mmene zimakomera."