Tsiku limene amalume anakandilankhulira kuyunivesite

Zaka za m'ma 1990 zija, inu musanabadwe, mafomu a sukulu tinkalemba ndi bolopeni n'kukaponya ku positi, ndipo yankho unkalidikira mpaka kuiwala kuti unapempha kanthu. Sendera kuno Tadala, mayi ako andiuza kuti GPA yako, malikisi ako a kusukuluwo, ikukusowetsa mtendere, ndiye umve zimene zinandionekera ine.

Ndinabwera kuno kutsidya kwa nyanja ndi amalume anga, a Chikaonda, amene ankagwira ntchito ku embase, ofesi ya kazembe wa dziko lathu, ndipo tinkakhala ku Rockville. Nthawi yawo itatsala pang'ono kutha, zinali zodziwikiratu kuti ndikapanda kupeza malo ophunzira digiri ya masitazi, mapepala anga okhalira kuno atha ndipo ndikwera nawo ndege yobwerera. Digiri ndinali nayo, ya kwathu, koma aphunzitsi athu anali ouma manja, moti ukapeza 60 unkayenda mokweza mapewa. Kuno anaitembenuza nambala ija mwa njira yawo n'kundiuza kuti ndili pansi pa mzere. Mzere uti, anaujambula ndani, mpaka lero sindimvetsa bwinobwino. Masukulu atatu anandikana, koma yachinayi inandilembera kuti mayi wina, pulofesa wa zaumoyo, akufuna kundiona.

Amalume atamva anati, "Mwana sapita yekha kwa akuluakulu. Ndikakulankhulira ine." Ndinaona kuti n'zoona, paja kwathu nkhani yaikulu imayenda ndi wamkulu. Iwo anavala suti, ine diresi lofika m'akakolo, ulendo.

Titalowa, pulofesa anayang'ana amalume, anayang'ana fomu, n'kufunsa kuti wophunzirayo ndi uti. Ine maso pansi, manja pamaondo. Amalume anakonza kukhosi n'kuyamba m'Chingerezi chawo cha mu ofesi: "Mayi, mwana tabwera nayeyu sadziwa kanthu. Mutu wake ndi wouma, malikisi mwawaona nokha. Tikum'pereka m'manja mwanu, akalakwa mum'dzudzule ngati wanu."

Mukuseka, koma kwathu mawu amenewo ndi ulemu waukulu, chifukwa mwana wako sum'tama pamaso pa anthu. Ine mumtima ndinkati amalume alankhula bwino zedi. Koma nkhope ya mayi uja inasintha, ndipo anawapempha kuti akadikire panja. Munthu wa ku embase kutulutsidwa ngati mwana wa sukulu. Ine sindinadziwe kuti talakwa pati, ndipo ndinati basi, ndikalongedze katundu.

Atatseka chitseko anandifunsa kuti, "Kodi inunso mukuganiza kuti simudziwa kanthu?"

Ndiyankhe chiyani pamenepo? Ndikati ndikudziwa, ndatsutsa amalume. Ndikati sindidziwa, ndadzikanira ndekha malo. Kenako analoza papepala la malikisi chaka changa chachitatu, pamene malikisi anagweratu, nafunsa chimene chinachitika.

Nkhani imeneyo m'kalata yanga yopemphera malo sindinailembe, poti za m'nyumba sitiyanika pabwalo. Koma ndinali nditataya kale mtima, ndiye ndinangoinena. Mayi anga anafa ziwalo mbali imodzi, ndipo ine ndinali gadiyani wawo kuchipatala miyezi isanu, kugona pansi pambali pa bedi, kuwasambitsa, kuwatembenuza kuti asachite zilonda, mayeso n'kumakalemba ndikuchokera ku wodi. Ndinanenanso kuti magadiyani anzanga ankabwera kuti ndiwaonetse katembenuzidwe ka wodwala osam'pweteka.

"Nanga bwanji kalata yanu yadzaza ndi kupepesa, izi mwazisiya?" anatero.

Ndinamuyang'ana osamvetsa. Chimene ndinkabisa ndi chimene iye ankafuna, ndipo ulemu umene tinanyamula unatsala pang'ono kundikweza ndege. Anandipatsa teremu imodzi yoyeserera, kuti ndikakhoza ndipitirize, ndipo ndinakhoza.

Panja ndinapeza amalume ali chilili, atakwiya. Nditawauza anati, "Waona? Ukanabwera wekha ukanadzitama n'kuwononga zonse." Anamwalira akukhulupirira zimenezo, ndipo ine sindinawatsutse. Masiku ena ndimati mwina ankanena zoona, chifukwa akanapanda kundichepetsa chonchija, kaya mayi uja akanandifunsa funso limene lija.

Inu a masiku ano kudzitama simuvutika nako, koma pa zopweteka mumatseka pakamwa ngati ife. Tadala mwanawe, chetechete sautsa nyama. Malikisi ako sungawasinthe, koma m'kalata yako yopemphera malo lemba chimene unkachita pamene ankagwa, usapepese. A kuyunivesite akakuitana ndikuperekeza, koma ine ndikakhala panja.