Mayi Scholastica Nampuluma ndi Mwana Amene Sanabwere Kudzawaika

Malemu Mayi Scholastica Nampuluma, amene agona patsogolo pathupa, anabadwa pa 14 Malichi 1978 m'mudzi uno wa Mtenjera, dera la Ngokwe, m'boma la Machinga. Anali achiwiri mwa ana asanu a malemu Bambo ndi Mayi Kaliwo. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Walter, mlongo wawo, mwinimbumba wa ana awo. Kuyambira dzulo ndakhala ndikumva manong'onong'o kusiwa ndi kumene akhala azibambo, anthu akufunsana kuti mwana wawo wotsiriza, Chiyamiko, ali kuti. Dekhani, mbiriyi ikuyankhani.

Anayamba sukulu mu 1985. Mutu unali wabwino, koma miyendo inali yabwino koposa. Mpira wamanja anaukonda mwakuti mayi athu ankachita kukawagwira ku bwalo, mtsuko uli wouma pansi pa mtengo. Mu 1994 anapita ku sekondale ku Liwonde, ndipo atalemba mayeso a Fomu 2 anabwerera kumudzi kudzadwazika bambo athu. Kusoka anaphunzira kwa masisitere ku parishi.

Pa 21 Ogasiti 1999 anamanga ukwati woyera ndi Bambo Hilary Nampuluma, amene ankagwira ntchito yokonza njanji ku Nayuchi. Amene munalipo mukukumbukira. Mkwatibwi amayenera kuwerama mwamanyazi, koma achemwali anga anatembenuka pa mpando n'kuyamba kuwongolera kwaya chifukwa inatsitsa nyimbo. Mulungu anawapatsa Clever mu 2000 ndi Monica mu 2004. M'zaka zimenezo anayambitsa timu ya amayi ya mpira wamanja, Akhristu ndi Asilamu pamodzi, ndipo wezulo sinkachoka pakhosi pawo, inkalendewera limodzi ndi kolona.

Pa 3 Juni 2012 anabereka mwana wamkazi wa khungu la chialubino. Tinene zoona pamaso pa Mulungu, ena mwa ife sitinapite kukaona mwanayo. Malemu anamutcha Chiyamiko, anamusokera chipewa chachikulu, namubereka kumbuyo mpaka ku bwalo la mpira kuti aliyense amuone, afune asafune. Mu Febuluwale 2014 Bambo Nampuluma anatisiya, ndipo malemu anatsala okha ndi ana atatu, munda wa thonje ndi makina osokera.

Mu 2016 mantha analowa m'dera lino. Pawailesi tinkamva za ana onga Chiyamiko akubedwa, ena osapezekanso. Malemu anasiya kutuma mwanayo ngakhale kuseri kwa nyumba. Ine ndinkawaseka, n'kumati achemwali mwaonjeza, kuno aliyense ndi wachibale.

Lachinayi pa 16 Juni chaka chimenecho, cha m'ma 10 koloko m'mawa, amuna awiri apanjinga yamoto anandipeza pamsika wa thonje pa Ngokwe. Anavala bwino. Anati achokera ku bungwe lina, abweretsa mafuta odzola ndi zipewa, ndipo akufuna nyumba ya mayi amene ali ndi mwana wachialubino. Mukudziwa mmene tinaleredwera kuno. Mlendo ndi mame, ndipo mlendo sumulozera njira ndi chala, umamuperekeza. Ndinawapatsa madzi akumwa, ndinakwera nawo njinga yawo, ndinakawatula pabwalo pa achemwali anga ndi manja angawa. Ndinabwerera kumsika mtima uli mbee, ndikuganiza kuti ndathandiza mbumba yanga.

Mudzi wonse unali kuminda kutola thonje. Malemu anawayalira mphasa nawalonjera, koma ali chigwadire anayamba kuona zinthu. Alendowo analibe buku lolembamo maina. Sanafunse dzina la mayi, anangofunsa ngati bambo alipo ndiponso kuti mwana atuluke. Mmodzi anadzuka n'kutembenuza njinga kuti iloze kumsewu, ndipo kumbuyo kwake kunali thumba lopinda, lopanda kanthu. Malemu anatiuza pambuyo pake kuti anangomwetulira n'kunena kuti mwana wagona, akamudzutse. Atalowa anapiringidza chitseko, anakankhira Chiyamiko pansi pa bedi, naimba wezulo pazenera osalekeza. Amayi a timu yawo anaidziwa wezuloyo, ndipo anadziwanso kuti mpira saitanira dzuwa lili pamenepo. Anatuluka m'minda ndi mitengo ndi miyala, patsogolo pali Abiti Amidu, amene akhala apowo. Amunawo anathawa cholowera ku Nayuchi, ndipo mpaka lero sanagwidwe. Malemu anakana kutsegula chitseko kufikira atamva mawu a Abiti Amidu akuwaitana m'Chiyao.

Sanandikalipire. Akananditukwana, mwina ndikanapepukidwa. Anangondifunsa ngati ndingawazindikire anthuwo nditawaonanso, ndipo ndinayankha kuti iyayi. Ndinkayang'ana nsapato zawo ndi malaya awo, nkhope sindinazisunge.

Mu Julayi 2016 anasiya munda, mitengo yawo ya mango ndi timu yawo, nasamukira ku Balaka ndi ana. Anaika makina pakhonde pafupi ndi msika n'kumasoka mayunifolomu ndi madiresi a akwati. Chiyamiko atayamba sukulu, malemu ankamuperekeza m'mawa uliwonse mpaka pakhomo la kalasi, n'kukamutenganso poweruka, mvula kaya dzuwa. Diresi la mwini likhale pakati, nthawi ikakwana ankadzuka basi, ndipo makasitomala anazolowera. Analowa kwaya ya kumeneko, nasonkhanitsa amayi ogulitsa tomato ndi usipa kukhala timu ina, imene ankaikalipira ngati ana. Kuseka kunabwerera, nthabwala zinabwerera, koma maso awo sanapumenso. Njinga yamoto ikaima pafupi, phazi linkaima pa makina. Mayi athu atamwalira mu 2019, malemu anabwera okha m'mawa n'kubwerera tsiku lomwelo.

Mu Novembala 2024 anayamba kudandaula m'mimba ndi msana. Madokotala anapeza khansa. Analandira chithandizo ku Balaka, ku Zomba ndi ku Blantyre, koma matenda anali atapita patali. Miyendo ija itakana, Monica ndiye anayamba kuperekeza mng'ono wake, ndipo malemu ankapempha kuti awakhazike pakhomo, maso kunjira, mpaka awiriwo atulukire.

Pa 2 Sepitembala chaka chino anaitanitsa ine ndi ankhoswe. Imfa sankaiopa, chimene ankaopa ndi maliro awo omwe ano. Anati akudziwa mwambo, kuti mkazi amagona kwawo pafupi ndi amayi ake, ndipo ana amatsala m'manja mwa mwinimbumba. Zogona kuno anavomera. Koma anatilumbiritsa kuti Chiyamiko asadzaponde ku Ngokwe, ngakhale kudzawaika, chifukwa pamaliro sabweza munthu ndipo safunsa munthu kumene wachokera. Ine ndinatsutsa. Ndinati mwana amene sanaone manda a mayi ake amasenza chinthu chimenecho moyo wake wonse, ndiponso anthu adzatinena. Anangondifunsa ngati tsopano nkhope zija ndazikumbukira. Ndinangolumbira.

Malemu anatisiya Lachiwiri pa 9 Sepitembala 2025, masana, kunyumba kwawo ku Balaka, atalandira masakramenti. Anali ndi zaka 47.

Tsono yankho lanu ndi ili. Chiyamiko, amene ali ndi zaka 13, anaona nkhope ya mayi ake ku Balaka bokosi lisanatsekedwe. Anagwira chitseko cha galimoto yonyamula maliro, akulira kuti amalume ndipite nawo, ndipo ndine ndinamasula zala zake. Sabwera lero, sabwera pa sadaka, ndipo kuno kwa ine sadzakhala. Ali m'manja mwa anthu amene mayi ake anawasankha. Kumene ali sinditchula, ndipo ndikupempha achibale ndi abwenzi kuti musandifunse, musafunsenso Clever kapena Monica. Musakhumudwe nane. Ndaima pano ndikuyang'ana khamu lonseli, ambiri ndikukudziwani, ena sindikukudziwani. Ndili ndi mantha, abale anga, monga anali nawo achemwali anga zaka zisanu ndi zinayi.

Malemu asiya ana atatu, Clever, Monica ndi Chiyamiko, mdzukulu mmodzi, ndi abale awo anayi a bere limodzi. M'malo mwa banja ndikuthokoza mafumu, Abambo Mfumu ndi akwaya a ku Balaka ndi a kuno, anamwino amene anawasamalira, amayi a pamsika wa Balaka amene anasinthana kugona kuchipatala, adzukulu okumba manda, ndi akuchimuna a kwa Nampuluma. Abiti Amidu ndi anzanu, banja lino lilibe mawu okwanira kwa inu.

Tikafika kumanda, akaitana ana kuti aike nkhata, mudzaona awiri akudzuka. Nkhata yachitatu wailuka yekha Chiyamiko, ndipo ndikaika ndine. Achemwali, mwana wanu sindinabwere naye, monga munanenera. Mzimu wanu uuse mumtendere.