Amayi a Laibulale Asagwirenso Choko

Olemekezeka a Wapampando wa komiti ya sukulu ino, olemekezeka a Mphunzitsi wamkulu ndi achiwiri anu, akuluakulu a ku ofesi ya maphunziro, inu amene munapereka mabuku ndi mashelufu, aphunzitsi, makolo, ndi inu ana anga, ndakuonani nonse.

Ndikuthokoza amisiri amene anaimika nyumba iyi, ndikuthokozanso makolo amene munatuta mchenga dzuwa likuswa mtengo. Koma a Wapampando, mundikhululukire. Pondilandira paja munandinong'oneza kuti, "Mayi, lero tingosangalala, zinazo tikambirana mu ofesi." Ndakana. Munaitana mlendo, ndipo mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa.

Nditafika m'mawa uno ndinapempha kuonana ndi amayi amene mwawalemba ntchito yoyang'anira laibulale. Pakhomo panali loko. Ndinakawapeza m'kalasi, manja ali mbuu ndi choko, akuphunzitsa masamu m'malo mwa mphunzitsi amene wadwala. Ndinafunsa kuti, "Ndi lero lokha?" Anayang'ana pansi nati, "Amayi, chiyambire teremu."

Musang'ung'udze kumbuyoko. Mverani.

Inenso ndinayamba ntchito m'laibulale ya pasukulu, ndili mtsikana. Tinalimo awiri, ine ndi bambo wina wachikulire wosanja mabuku. Aphunzitsi aakulu a kumeneko ankati, "Inu mumangokhala, mabuku sathawa." Mphunzitsi akajomba, ine m'kalasi. Mlendo akabwera, bambo aja kokagula zakumwa. Tsiku lina masana kunagwa chimvula chamkuntho, lata n'kusasuka. Ine ndinali kuyang'anira mayeso, zitseko zotseka. Bambo aja anali atatumidwa ku tauni, makiyi ali m'thumba. Ana anaona madzi akutsikira pa mashelufu, koma anangoima pazenera. Pofika madzulo mabuku anali atatupa ngati buledi wonyowa.

Mukudziwa amene anachotsedwa ntchito? Si amene anawatuma. Ndi bambo aja. Anatuluka pageti jekete ili paphewa, akufunsa aliyense kuti, "Kodi ine ndikanakana bwanji?" Ana a chaka chimenecho analemba mayeso opanda buku.

Mapanga awiri avumbwitsa. Munthu wa laibulale ali ndi ntchito yake yodzaza tsiku: kulandira mwana, kumupezera buku lomuyenera, kulondola lomwe silinabwerere, kumata long'ambika. Mukamulanda ola limodzi, mwalanda sukulu yonse ola limenelo. Ndikudziwa aphunzitsi ndi ochepa, a Mphunzitsi wamkulu, ndipo simugona nazo tulo. Koma akuluakulu a ku ofesi si awa akhala apawa? Vuto la kuchepa kwa aphunzitsi ndi lawo, alimve lero. Musalisenzetse mayi mmodzi amene sangakukanizeni poopa kuchotsedwa.

Sizasi ndaigwira, koma riboni sindidula ndisanamve yankho. A Mphunzitsi wamkulu, taimirirani, bambo anga. Sindikukuchititsani manyazi, ndikufuna mboni. Kuyambira Lolemba, kodi amayi awa adzakhala m'laibulale kuchokera belu loyamba mpaka lomaliza, osatumidwa kwina? Ndipo akadwala kapena akapita ku maliro, kodi mudzasankhiratu mphunzitsi wodziwika wowagwirizira?

Ndidikira.

Kwezani mawu pang'ono, makolo akumbuyo sanamve.

Mwamva nonse, avomera. A ku ofesi, nanunso ndakuonani mukugwedeza mutu, ndipo mphunzitsi wa masamu tikumuyembekezera kwa inu. Khalani pansi, a Mphunzitsi wamkulu, mwachita chamuna, pakuti kuvomera pagulu n'kovuta kuposa kulamula mu ofesi.

Inu amayi a laibulale, bwerani muime pambali panga. Pukutani misozi, ana akukuonani. Nanunso mudziwe kuti chowiringula chatha: mwana akadzapeza pakhomo potseka, tidzafunsa inu.

Tsono, mwa ulemu umene mwandipatsa, ndikulengeza kuti laibulale ya sukulu ino yatsegulidwa, ndipo ikhale yotsegula tsiku lililonse la sukulu.

Zikomo kwambiri.