Chiphaso cha M'tsamba la Tiyi

Miriamu anatsala ndi tsiku limodzi kuti akayankhe mayeso apakamwa ku Mutare, ndipo akalephera kachiwiri kunali kutsanzikana ndi koleji. Ndiye anasankha kuyesera phunziro lake pa bambo ake, a Tobiyasi, amene analondera geti la esiteti ya tiyi zaka makumi atatu, munthu wosamva fanizo n'kulisiya likhale fanizo.

Anawauza kuti m'tsamba muli tizipinda tobiriwira topanga chakudya ndi dzuwa, ndipo mapuloteni ogwira ntchito mmenemo amapangidwa kunja, n'kubwera ndi kachiphaso kumutu.

"Wapageti ndani?" anafunsa a Tobiyasi, akuunika tsamba padzuwa.

"Ndi fanizo, baba. Koma mageti alipo awiri, Toki ndi Tiki."

"Ana a ndani?"

Miriamu anapitiriza kuti puloteni ikalowa, chiphaso chija amachidula.

"Nanga potuluka aonetsa chiyani?"

"Situluka."

"Ndiye si ntchito imeneyo, ndi ndende."

"Inde baba, mukawadandaulire kwa manijala."

Anafotokoza mothamanga kuti mkatimo muli tizikopa topyapyala tosanjikizana, ndipo kuti puloteni ifike pamenepo, ina imaonetsa chiphaso chachiwiri, ina amachita kuiperekeza. Zoperekezazo a Tobiyasi anazivomera, poti mlendo sayenda yekha m'fakitale. Chinawapweteka n'chakuti zaka zonsezi amalowetsa mathirakitala a masamba kukaumitsa, osadziwa kuti akuwotchetsa alonda anzawo.

"Maliro ake tilira pambuyo," anatero Miriamu. "Ndamaliza, ndipo palibe chomwe ndasiya."

"Nanga obadwira mkati?"

"Kulibe zimenezo."

"Esiteti iliyonse ili nawo. Ine ndinabadwira m'komboni muno, sindinalowere pageti. Chiphaso ndinalibe, koma wina anandigwira dzanja kukandionetsa poima."

Miriamu anatsegula manotsi kuti awatseke pakamwa. Peji imene anailumpha inali pomwepo: mapuloteni ena amapangidwira m'kachipinda momwemo, ndipo amaperekezedwa ku kachikopa akadali kupangidwa. M'mphepete aphunzitsi anali atalembamo kuti funsoli silisowa pamayeso. Mantha anamugwira, manyazi n'kubwera pambuyo.

"Baba," anatero motsitsa mawu, "tiyambirenso?"

A Tobiyasi anakokera mpando pakhomo, n'kukhala mopingasa, tsamba lija lili m'thumba la malaya.

"Yambira kwa Toki. Minibasi ya ku Mutare sukwera usanadutse pano. Ili ndi geti, mwanangu, si fanizo."