Mipando Yozira ya Amayi Namaseko

Kale, tauni ya Dedza ili ndi sitolo zowerengeka ndipo msewu wopita ku Lilongwe uli wafumbi, mpingo wathu uno sunali mpingo woima pawokha, ana anga, koma nyumba yopemphereramo chabe, yofolera ndi udzu, ndipo abusa ankatichezera mwa apo ndi apo kudzatipatsa Mgonero. Mabenchi a matabwa amene mwakhalapowa kunalibe. Tinkakhala pa mipando youmba ndi dothi, ndipo amayi ankaizira ndi dothi lakuda la kudambo pakati pa sabata, kuti pofika Lamulungu ikhale itauma.

Tsono chaka china, m'nyengo yozizira, tinamva kuti kukubwera abusa okalamba ndi akulu ampingo kudzaona ngati tinali okhwima kuti atipatse mbusa wathuwathu. Tinali titapempha kwa zaka zambiri, ndipo tinkadziwa kuti akatikana tidikiranso nthawi yaitali. Ntchito yozira inagwera akazi anga, amayi Namaseko, amene ambiri a inu munawadziwa ali okalamba, koma pamenepo anali mayi wachangu wosafuna kuona banga pakhoma.

Anazira Lachitatu monga mwa mwambo. Koma chitseko chathu chinali chabango, ndipo Lachisanu mbuzi zinalowa n'kupondaponda paliponse. Loweruka m'mawa ndinawapeza atasenza kale dothi.

Ndinati, "Amayi, kunjaku kuli chifunga, phiri silikuoneka. Ziuma zimenezi?"

Iwo anati, "Abambo, inu ndinu dikoni, pempherani dzuwa. Ine alendo sindiwakhazika pa mapazi a mbuzi."

Ndinapemphera ndithu, koma dzuwa silinatuluke. Lamulungu mipando inaoneka youma pamwamba, yosalala ngati mbiya yatsopano, koma mkati munali nkhani ina. Alendo tinawabwerekera mipando yamatabwa kusukulu, poganiza kuti matope tiwasenza tokha, koma abusa okalamba aja, atavala suti yawo yotuwa, anaikana mwaulemu, nati, "Ndikhala pamene akhristu a pano amakhala." Amayi Namaseko anandiyang'ana kuchokera mbali ya amayi, ndipo ine ndinayang'ana kudenga.

Itafika nyimbo yoyamba tonse tinaimirira, ndipo ndikuuzani, ana anga, panamveka kaphokoso ngati ng'ombe ikuzula mwendo m'dambo. Mpingo wonse unali ndi chidindo chakuda kumbuyo, kuyambira abusa mpaka mwana wa m'kalasi yophunzira za ubatizo. Tinaimba mavesi onse, mapewa akugwedezeka, aliyense akuopa kuyang'ana msana wa mnzake.

Mapemphero atatha, amayi Namaseko anagwada pamaso pa alendo, misozi ili m'maso, nati, "Abusa, cholakwa n'changa. Musalange mpingo chifukwa cha manja anga."

Abusa anafunsa chimene chinachitika, ndipo atamva za mbuzi ndi za kuzira kawiri, anaseka mpaka kupukuta maso. Kenako anati, "Dzukani, amayi. Akuluakulu a kulikulu la mpingo anatituma kudzaona ngati pano pali anthu osamala nyumba ya Mulungu. Kwina timachita kufunsa mafunso ambiri, koma pano yankho tanyamula pa thalauza, ndipo sindichapa kufikira anzanga ataliona. Walira mvula walira matope. Mwalira mbusa, konzani pogona pake."

Mvula isanagwe chaka chomwecho, mbusa wathu woyamba anafika.

Lero muli ndi simenti pansi, malata pamwamba ndi zokuzira mawu, ndipo ndimayamika Mulungu, pakuti mafupa angawa sangakhalenso padothi lozizira. Koma ndimamva kuti tsiku losesa m'tchalitchi ena a inu mumadwala mutu, n'kuchira madzulo. Iye amene anaumba munthu ndi dothi sanyansidwa ndi manja akuda, ana anga. Likafika Loweruka, bwerani ndi tsache, ndipo mukamasesa pansi pa benchi lachitatu kumbali ya amayi, sesani bwino, pakuti mpamene ankakhala amayi Namaseko.