Mbatata Zootcha za aNangozo

"Ababa, n'chifukwa chiyani mumandiluka ndinu, pamene anzanga onse amawaluka amayi awo?"

Anandifunsa zimenezi ndi Tadala, mayi ako iwe Chisomo, ali wamng'ono kuposa iwe, atakhala pakati pa miyendo yanga pakhonde monga wakhaliramu. Zinali m'zaka zija zipani zitangochuluka kumene m'dziko muno, kaunjika atayamba kudzaza msika wa Kawale, ndipo ine ndinali bambo wachinyamata wa mwana mmodzi, ndevu zikadali zakuda. Khala bwino, usamagwedeze mutu, ndipo nanunso anzake senderani kuno mumve, chifukwa yankho la funso limeneli linanditengera masabata angapo a nyengo yachisanu kuti ndilipeze.

Tsiku limenelo ndinangoseka n'kunena kuti, "N'chifukwa choti ine ndimaluka bwino kuposa azimayi onse a mu Kawale."

"Bodza," anatero Tadala, akudzipapasa m'mutu. "Mizere yanu imakhota ngati njira ya kuchigayo."

Sananame mwanayo. Koma zoona zake sindikanamuuza, chifukwa pakamwa pa mwana palibe chitseko, ndipo nkhani mu Kawale inkayenda mofulumira kuposa minibasi.

Masiku amenewo ine ntchito ndinalibe. Ndinali mesenjala pakampani ina, koma itagulitsidwa anatiuza kuti tikapume kunyumba, ngati kuti tinawadandaulira kuti tatopa. Masana ndinkasaka maganyu, ndipo madzulo ndinkapita kusukulu yamadzulo kufuna setifiketi ya Fomu 4, ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti pepala limenelo lidzatitsegulira khomo lina. Choncho nyumba yonse inatsamira pa manja a agogo anu aNangozo, amene mukuwamva akutsokomola m'katimo. Iwo ankasoka pafakitale ina ya zovala cha ku Biwi, ndipo ntchito yawo inali yolumikiza makolala a malaya a yunifolomu. Inu mumangovala malaya osaganiza, koma dziwani kuti kolala ndi nkhope ya malaya, ikapendekeka malaya onse aonongeka, ndiye sinkapatsidwa kwa munthu wamba. ANangozo anali mmisiri wake, ndipo atsikana ambiri pamenepo anaphunzira kwa iwo.

Koma tsoka silinunkha. Tadala atangosiya kuyamwa, zala za amayi ake zinayamba kuuma m'mawa, mfundo zonse kutupa ndi kutentha, moti kapu ya tiyi ankaigwira ndi zikhatho ziwiri ngati mwana, ndipo batani la bulauzi yawo ndinkawamangira ine. Kuchipatala ku Likuni anatiuza kuti ndi nyamakazi, osati ija ya nkhalamba ya m'mawondo ayi, koma ina imene imagwira ngakhale achinyamata, yomwe simatha koma imangogona n'kudzukanso. Anatipatsa mapiritsi ochepetsa ululu n'kutilangiza kuti manjawo asamazizidwe. Lero munthu amatha kunena poyera kuntchito kuti ndili ndi matenda akutiakuti, ena n'kumumvetsa, koma nthawi imeneyo pageti la fakitale iliyonse pankakhala khamu la anthu ofuna ntchito, ndipo wosoka wodwala zala ankadziwa yekha kuti mpando wake uli ndi eni ake panja. Tinagwirizana kuti matendawa akhale a m'nyumba mwathu basi.

Pamenepo ndinaona kuti mphamvu za m'manja mwa aNangozo zinali ngati madzi a mumtsuko, ukatungako ochapira, akumwa achepa. Ndiye zonse zofuna zala ndinazitenga ine: kuchapa, kufinya, kusenza ndowa kuchokera kumpopi, ndi kuluka mwana Loweruka masana kuti Lamulungu akaoneke bwino kutchalitchi. Iwo ankakhala pampando pambali panga n'kumandiuza, "Gawani patatu, bambo a Tadala. Ayi, musakoke choncho, ameneyo ndi mwana, si mbuzi."

Anthu ankaona, ndipo sankangoona chabe. A Chikuse, okonza njinga amene tinkayandikana nawo, ankaima pampanda sipanala ili m'manja n'kumati, "Achimwene, mankhwala amene anakudyetsani alamuwa, mundifunsireko komwe anagula, ndikatsekeretse malowo akazi anga asanafikeko."

"Musavutike, a Chikuse," ndinkawayankha. "Anafikako kale, koma anawauza kuti mankhwalawo amagwira munthu amene ali ndi mutu."

Ankaseka mpaka kukhosomola, mawa lake n'kubweranso ndi chipongwe china. Sizinkandipweteka kwenikweni, koma aNangozo zinkawapweteka, ndinkaona.

Tsopano mverani nzeru za agogo anu. Chisanu cha mu Juni chitafika, zala zinkakana kutambasuka mpaka dzuwa litakwera, pamene makina ankayamba kulira m'mawa. Iwo anandiuza kuti ndizidzuka tambala akalira, ndiziwaotchera mbatata ziwiri pambaula. Ankazikulunga m'tinsalu, imodzi dzanja ili, ina dzanja ilo, n'kufunda chitenje pamwamba, ndipo ulendo wonse wapansi kuchoka ku Kawale mpaka ku Biwi ankayenda atazifumbata. Pofika pageti zala zinali zitafewa, ndipo aliyense wowaona ankangoti mayi uyu watenga kamba wa masana. Inu lero muli ndi mabotolo a madzi otentha ogula m'sitolo, koma ife botolo lathu linkadyedwa likamaliza ntchito.

Mwezi womwewo mwini fakitale anasonkhanitsa antchito onse n'kuwauza kuti kaunjika wapha msika, anthu sakugulanso zosokedwa kuno, ndipo pakutha pa mwezi ena apita kwawo. Anauza kapitawo wawo, mayi wina wa ku Dedza dzina lake aNachisale, kuti aziyang'anitsitsa amene manja awo akuchedwa. ANangozo anabwera nayo nkhaniyi kunyumba, ndipo ine ndinawalimbitsa mtima kuti mbatata zatisunga mpaka lero, zitisungabe.

Koma sabata yomweyo kunatulukira apongozi anga kuchokera ku Ntcheu. Anali atamva kuti mwana wawo akuvutika manja, ndiye anabwera ndi lezala latsopano ndi kaufa kakuda kamene anakatenga kwa sing'anga wa kwawo, kuti amutemere mphini. Ine mkamwini, ndikanayambira pati kutsutsa? Ndinangoyang'ana pansi n'kunena kuti, "Amayi, kuchipatala anatipatsa kale mapiritsi."

"Mapiritsi amapita m'mimba, bambo," anayankha iwo mofatsa, nkhope atatembenuzira kumbali mwaulemu. "Mwana wanga sakudwala m'mimba."

ANangozo nawo sakanakana mayi awo amene anasiya chimanga chosakolola n'kukwera basi chifukwa cha iwo. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Choncho Lamulungu titachoka kutchalitchi anawatema mphini pamfundo iliyonse ya chala ndi pamikono, n'kutikitamo kaufa kaja. Musawaweruze agogo aakuluwo, ana inu, chinali chikondi chenicheni. Kumudzi mphini palibe amazicheukira, koma iwo sankadziwa kuti mwana wawo amagwira ntchito pansalu zoyera, pansi pa magetsi owala, pamaso pa kapitawo amene wauzidwa kuti aziyang'ana manja.

Lolemba m'mawa manja aja anali atalembedwa timizere takuda, otupa kuposa kale, moti ngakhale mbatata inkawabaya poigwira. Ine ndinati, "ANangozo, khalani lero. Ndipita ine ndikanene kuti mwana wadwala."

"Ndikajomba sabata ino ndadzichotsa ndekha," anatero akumanga duku movutikira. "Komanso ndatopa, bambo a Tadala. Ndatopa kubisa manja ngati ndaba nawo."

Ndinawaperekeza mpaka pageti, ndipo iwo atalowa ndinakhala pansi pa mtengo pamodzi ndi ofuna ntchito aja, amene mwina mmodzi wa iwo akanatenga mpando wa mkazi wanga tsiku lomwelo. Zimene zinachitika m'katimo anandifotokozera okha pambuyo pake, ndipo aNachisale anadzazitsimikiza patapita zaka, titakumana pamaliro ena ku Chigwirizano.

Sanapite kumakina awo. Anapita molunjika patebulo la kapitawo n'kuika manja onse awiri pamwamba pake.

"Mayi, onani."

ANachisale anayang'ana manjawo, kenako anayang'ana mwini wake. "Mukuyesa sindinkadziwa? Ndi munthu wanji amabwera ndi mbatata yamoto tsiku lililonse n'kudikira kuti izizire ndiye adye?"

"Nanga bwanji simunanene?"

"Makolala anu ankatuluka owongoka, ndikananena chiyani? Koma lero zavuta, aNangozo. Mphinizi ngakhale bwana aziona ali pakhomo, ndipo akafunsa ine ndilibe bodza lowauza. Pakolala sindingathe kukusungani."

"Sindinabwere kudzapempha kolala," anatero agogo anu. "Ndipatseni simbi."

Tsopano kuti mumvetse, kusita kunali pakona ya kumapeto kwa fakitale, kopanda zenera, kotentha ndi nthunzi, ndipo kunkatumizidwa obwera kumene kapena olakwa. Palibe ankakhalitsako. Amene anali komweko anali atathawa masiku omwewo kukayamba geni ya kaunjika yemweyo, ndipo malipiro a kusitako anali otsika kuposa a pamakina.

"Inu, mmisiri wa kolala, mukasite?" anafunsa aNachisale. "Atsikana amene munawaphunzitsa kulowetsa ulusi adzakusekanitu."

"Aseke, mayi, kuseka sikutupitsa zala. Kutentha kumene iwo amakuona ngati chilango, kwa ine ndi mankhwala. Singano imafuna nsonga za zala, koma simbi imafuna chikhatho, ndipo chikhatho ndikadali nacho."

ANachisale anadzuka n'kulowa mu ofesi ya bwana. ANangozo anaima pomwepo, manja ali patebulo, makina onse atachepetsa phokoso chifukwa aliyense ankaba maso, koma iwo sanawabisenso m'chitenje. Kapitawo potuluka anangoti, "Ndawauza kuti pasimbi papezeka munthu woyamba wopempha yekha, ndipo munthu wotere sathawa. Pitani, malaya adzaza kumeneko."

Madzulo atatuluka ndinawathamangira, ndipo iwo anati, "Ntchito ilipo." Ine ndinasangalala ngati mwana, ndinayamba kulongolola za setifiketi yanga ndi za tsogolo, koma titayenda pang'ono ndinaona kuti mnzanga akugwetsa misozi.

"Nanga mukuliranji, poti zatheka?"

"Ndinkaikonda kolala, bambo a Tadala," anatero. "Ndisiyeni ndilire lero lokha. Mawa ndisita."

Ndipo mawa lake anasitadi. Mwezi utatha anthu ambiri anapita kwawo, ena a manja abwinobwino, koma aNangozo anatsala, ndipo anakhala pasimbi paja mpaka fakitale yonse inadzatsekedwa patapita zaka, ine nditapeza kale pepala langa ndi ntchito ya ukalaliki pasitolo ina ya zitsulo ku Old Town. Nyamakaziyo sinathe ayi, mwaziona nokha zala zawo momwe zinapindikira, ndipo panali masiku ena amene ngakhale simbiyo ankainyamula akuluma mano. Apongozi anabwerera ku Ntcheu akuuza aliyense kuti mphini zawo zinapulumutsa ntchito ya mwana wawo, ndipo ine sindinawatsutse, chifukwa mwanjira yake sananame.

Akuluakulu amati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Inu ana a masiku ano mudzakumana ndi ntchito zosakhazikika kuposa zathu, ndipo thupi nalo silipempha chilolezo likafuna kufooka. Zikadzatero, musadzangoyang'ana chimene chakuchokerani, mudzafunsenso chimene chakutsalirani, monga anachitira agogo anu ataona kuti zala zapita koma chikhatho chilipo. Ndipo musadzachite manyazi kutsika mpando ngati kutsikako kukusunga banja, kapena kugwira ntchito imene anthu amati si ya mwamuna, pakuti chala chimodzi sichiswa nsabwe. Tembenuka pang'ono, Chisomo, watsala mzere umodzi.

Loweruka la sabata ija ya mphini tinakhalanso pakhonde, Tadala pakati pa miyendo yanga, amayi ake pampando wawo, manja a mphini ali poyera pamaondo, a Chikuse ali pampanda monga mwa masiku onse. Panalibenso chobisa. Mwanayo anayang'ana manja a amayi ake nthawi yaitali, kenako anabwereza funso lake lija, kuti n'chifukwa chiyani ndimamuluka ndine. Ndinamugwira mutu n'kumutembenuzira kwa amayi ake, amene pa nthawiyo ankandiuza kuti ndigawe patatu, ndipo ndinati:

"Tamvera amene akulankhulayo, mwana wanga. Amakuluka ndi amayi ako. Zala zawo amakagwirira ntchito kuti iwe udye, ndiye zikatopa ine ndimangowabwereka zanga."